Mayi Makala ndi Masitika Akale

Dzina loti Mayi Makala linachokera ku zala zawo. Zala zitatu za dzanja lamanja zinali bii chaka chonse, sopo anazilephera kalekale. Ana a m'dera lawo ankaganiza kuti mayiwo amagulitsa makala, koma ayi ndithu, inali inki ya cholembera chakuda, chonenepa, chimene chinkakhala m'thumba la yunifolomu yawo. Tsiku lina atachiiwala kunyumba anabwerera ali pageti penipeni pa ntchito, n'kudzafika mochedwa, osapepesa n'komwe.

Ankagwira ntchito pa kampani yotumiza katundu. Kutsogolo kunali kauntala kumene anthu ankabwera ndi makatoni awo, kalaliki n'kuyeza kulemera kwake, n'kumatapo sitika. Pa sitikapo pamakhala adiresi, tsiku, ndi timizere takuda tija, tina tonenepa tina toonda, timene timawerengedwa ndi makina okha. Kuseri kwa khoma kunali holo yaikulu yofolera ndi malata, yotentha koopsa, mmene munali malamba anayi oyendera magetsi. Katoni ikawerengedwa, lamba ankaitenga n'kukaigwetsera m'khola la mawaya la tauni imene ikupita, madalaivala n'kumatengera mmenemo. Mayi Makala anaima pa lamba wachitatu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Tsono pali chinthu chimene akuluakulu a m'maofesi sachidziwa, kapena amachidziwa koma sichiwakhudza. Munthu wamba sagula katoni yatsopano. Agule katoni ngati wapenga? Katoni imene azakhali anatumiziramo katundu chaka chatha ndi yomweyo imene amatumiziramo mwana wa kusukulu chaka chino, mwanayonso n'kudzatumiziramo chibwenzi chake. Katoni imodzi imatha kukhala ndi masitika atatu, yatsopano pamwamba, yakale m'mbali, yakalekale kunsi. Kalaliki wa pakauntala, mzere utafika panja, alibe nthawi yosuzumira kunsi kwa katoni ya munthu.

Amene anali nayo nthawi imeneyo ndi Mayi Makala. Katoni iliyonse ankaitembenuza mbali zake zonse. Akapeza masitika awiri ankayang'ana masiku, n'kuvula chivindikiro cha cholembera ndi mano, khwaa, khwaa, khwaa, mpaka timizere ta sitika yakale tasanduka chigamba chimodzi chakuda. Akatero ndiye n'kuiika pa lamba. Palibe bwana anawatuma zimenezi, ndipo m'buku la malamulo a ntchito munalibemo. Chinawaphunzitsa ndi nsapato zofiira.

Kale, asanayambe ntchitoyi, amuna awo ankapanga misewu kutali, kobwera kamodzi pachaka. Mwana wawo wamkazi atatsala pang'ono kuyamba sukulu, bamboyo anamugulira nsapato zofiira, anaziika m'katoni imene anatola kuntchito kwawoko, n'kutumiza. Katoniyo inali ndi adiresi yakale m'mbali, ndipo wina anawerenga imeneyo. Inapita kumene inapita, inakhala m'chipinda cha anthu ena, inabwerera, inasocheranso. Pakati pomwepo bamboyo anadwala sabata imodzi n'kumwalira. Katoni inafika patatha miyezi isanu chiikire maliro, zolemba za malemuwo zili pamwamba. Mwana anakhala pansi n'kuyamba kukankhira phazi m'nsapato, phazi likukana, iye n'kumati, "Zikwana, amayi, dikirani kaye, zikwana." Sizinakwane.

Mayi Makala sanalire tsiku limenelo, anapsa mtima. Ananyamula katoni ija n'kupita ku kampaniko kukafunsa kuti anawerenga adiresi yakale ndani. Palibe anawayankha. Anapitanso mawa lake, anapitanso mkuja, sabata zitatu zathunthu, mpaka bwana wa nthawi imeneyo, mkulu wina wotopa ndi phokoso, anati, "Mayi, poti mumabwera tsiku lililonse, tengani tsache." Anasesa zaka ziwiri, kenako anawaika pa lamba. Wowerenga adiresi uja sanamupeze, ndipo patapita nthawi anasiya kumufunafuna.

Zaka zonsezo m'holomo ankagwiritsa ntchito sikana ya m'manja, yotulutsa kamzere kofiira. Imeneyo inkawerenga pamene waloza basi, ukaloza polakwika wolakwa ndiwe. Mayi Makala sankalakwitsa kuloza, koma ankakhwachabe, poti kumene katoni ikupitako kuli anthu ena amene amaloza maso ali pa foni.

Ndiye chaka china kunabwera bwana watsopano ndi makina atsopano, sabata imodzi yomweyo. Pa lamba aliyense anamangapo chipata chachitsulo chokhala ndi makamera pamwamba, m'mbali, ngakhale kunsi pa mpata wa lamba. Katoni ikamadutsa, makamerawo amaijambula, kuwala n'kung'anima, kabelu n'kulira, basi yawerengedwa. Tisanamizane, chinthucho n'chanzeru. Sitika yokwinyika chimawerenga, yong'ambika pakona chimawerenga, yozondoka chimawerenga, yonyowa ndi mvula chimawerenga. Mkono umene unkawawa ndi kuloza tsiku lonse unapuma. Vuto lake linali limodzi: chikaona masitika awiri a kampani yomweyo, chimangogwira imene yayamba kuoneka bwino. Chilibe nazo ntchito kuti sitika ina ndi ya chaka chatha.

Bwana watsopanoyo anthu anamutcha Bwana Mphindi, chifukwa ankayenda maso ali pa wotchi. Anali mnyamata wophunzira, waulemu, wosatukwana munthu, ndipo n'zimene zinkawawa, poti munthu woipa suchedwa kudana naye. Pakhoma anapachika sikirini yaikulu yoonetsa makatoni amene lamba aliyense wawerengetsa pa ola. Malamba atatu ankaoneka obiriwira. Lamba wachitatu anali psuu kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Bwanayo anabwera tsiku lachitatu, manja ali kumbuyo, n'kuima pambali pawo.

"Mayi, mukutembenuziranji makatoni? Makinawa amaona mbali zonse."

"N'chifukwa chake ndikutembenuza, bwana. Akanakhala akhungu sindikanavutika."

"Za masitika akalezo ndazimva. Akatswiri adzakonza mwezi wamawa."

"Akadzakonza mudzandiuze," anatero Mayi Makala, cholembera chili kale pa sitika, khwaa, khwaa.

Mwezi wamawa unafika, unapita, unabwera wina. Akatswiri sanaoneke. Chimene chinaoneka ndi kalata yoyamba yowachenjeza, mu envulopu yoyera. Anaiwerenga ataima pa lamba, anaipinda bwinobwino, n'kutsekera nayo mpata wa zenera pamene pankalowera fumbi.

Pa lamba wachinayi pankaima a Chipewa, bambo wachikulire amene chipewa sichinkachoka kumutu kwawo ngakhale kutenthe chotani. Awiriwa anakalambira limodzi m'holomo, ndipo ankatchulana kuti achimwene ndi achemwali. Pa nthawi yopuma masana anakhala pa benchi kuseri kwa holo, a Chipewa n'kuyamba ndi kutsokomola, monga amachitira munthu amene wabwera ndi mawu.

"Achemwali, makaniwa akupwetekani. Ingoikani katoni pa lamba, ipite kumene ikufuna. Ndi yanu?"

"Si yanga."

"Nanga? Inetu poyamba ndinkatembenuza, mukudziwa. Ndinasiya. Pano ndili obiriwira, ndimagona tulo."

"Ndiye muzigona, achimwene. Chipinda cha zosochera mwalowamo liti?"

A Chipewa anangoyang'ana nsapato zawo. Chipinda cha zosochera chinali kumapeto kwa holo, kumene madalaivala ankatulira makatoni obwerera. Kale munkakhala makatoni khumi, mwina khumi ndi awiri, n'kumatsala malo oti munthu n'kuyalamo mkeka. Tsopano chitseko chinkachita kukankhidwa ndi phewa. Mayi Makala ankalowamo tsiku lililonse asanaweruke, n'kumaona masitika. Panalibe ngakhale katoni imodzi ya chigamba chakuda.

Kalata yachiwiri inapeza mwana wawo ali pakhomo. Mwana wa nsapato uja anali atakula, ndi namwino tsopano, ali ndi ana ake awiri. Anaiona kalatayo patebulo, pansi pa kapu, n'kuiwerenga amayi ake akuvula nsapato pakhonde.

"Amayi, iyitu akuti ndi yomaliza. Pa msinkhu wanuwu ndani adzakulembani ntchito ina?"

"Palibe."

"Ndiye mukuchitiranji? Mukudziwa kuti pakhomo simungakhale. Tchuthi cha sabata imodzi chokha mumadwala nacho."

"Ndikudziwa."

"Nkhani ya nsapato ija ine ndinaiwala, amayi. Ndinali mwana."

Mayi Makala anamuyang'ana, n'kupitiriza kusisita phazi lawo lotupa.

"Iwe unaiwala chifukwa unali kuyang'ana phazi lako. Ine ndinkayang'ana iwe."

Mantha anali nawo, tisawanamizire kuti analibe. Ntchito imeneyo inali moyo wawo wonse. Ndi imene inaphunzitsa mwana, ndi imene inkawadzutsa m'mawa, ndipo anthu onse amene ankawaseka nthabwala zawo anali a m'holo ija. Sankadziwa chimene angadzachite atadzuka Lolemba opanda kopita. Mawa lake anayesadi. Anaika katoni yoyamba pa lamba osaitembenuza, yachiwiri, yachitatu. Yachinayi ikulowa pachipata chachitsulo anaona pakona pake kasitika kachikasu ndi ukalamba. Dzanja linapita lokha, linaikoka katoniyo, kabelu kasanalire. Anatukwana chapansipansi, n'kuvula chivindikiro ndi mano.

Lachisanu Bwana Mphindi anawaitana ku ofesi. Iwo anati, "Ndikubwera, bwana, koma muyambe mwabwera kuno ndinu." Holo yonse inamva, ndipo manja a anthu anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Bwanayo anabwera, poti anali waulemu.

Mayi Makala anali atasunga katoni imodzi pansi pa tebulo lawo. Inali ya sopo, yomangidwa ndi chingwe, pamwamba palembedwa ndi dzanja lonjenjemera kuti muli mankhwala, isanyowe. Anamuonetsa bwanayo sitika ya pamwamba, ya tsiku lomwelo, yopita ku khola lachiwiri. Anaitembenuza n'kumuonetsa ya m'mbali, ya chaka chatha, yopita ku khola lachisanu ndi chiwiri.

"Iikeni nokha," anatero.

Bwana Mphindi anaiika pa lamba. Kuwala kunang'anima, kabelu kanalira mokoma ndithu, nyali yobiriwira inayaka. Katoni inayenda, inadutsa khola lachiwiri osacheuka n'komwe, n'kukagwera m'khola lachisanu ndi chiwiri, phu. A Chipewa anavula chipewa n'kukanda m'mutu, koyamba anthu kuona dazi lawo.

Mayi Makala anapita kukaitenga katoniyo, anakhwacha sitika yakale, anaiikanso pa lamba, n'kuiyang'ana mpaka itagwera m'khola lachiwiri. Atatero ndiye anamutsatira bwana ku ofesi.

Muofesimo munali fani, ndi mpando wofewa umene iwo anaukana. Bwana Mphindi anatseka chitseko n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mayi, simunandionetse chachilendo. Ndikudziwa. Pa makatoni zana lililonse amasochera awiri, ndipo akulikulu anati awiriwo ndi ololedwa. Amabwerera, timawatumizanso. Koma lamba wanu akuchedwetsa magalimoto onse, ndipo akafunsa amafunsa ine."

"Awiriwo munawaonapo nkhope zawo?"

"Ndi makatoni, mayi."

"Ndikunena amene amadikira. Amene amabwera pakauntala Lolemba, n'kubweranso Lachitatu, kalaliki n'kumawauza kuti makina akuonetsa kuti inapita. Mwini mankhwala aja akanadikira masabata angati?"

Bwanayo anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala lolembedwa kale, ndi bolopeni.

"Sindikufuna kukuchotsani, ndikunena zoona. Sainani apa kuti mwasiya kutembenuza makatoni ndi kulemba pa katundu wa anthu. Cholemberacho musiye pano. Mukatero makalata awiri aja ndiwang'amba pamaso panu. Mukakana, lero ndi lomaliza."

Mayi Makala analiwerenga pepalalo lonse, mzere ndi mzere, akuloza ndi chala chakuda. Anaganiza za Lolemba. Anaganiza za benchi ya kuseri kwa holo, ndi fungo la makatoni onyowa limene anali atasiya kulimva. Bolopeni ya bwana sanaikhudze. Anapisa m'thumba, anavula chivindikiro ndi mano, n'kulikhwacha pepalalo kuchokera pakona kufika pakona, khwaa, khwaa, khwaa, mpaka inki inadutsira pa tebulo.

"Ili ndi la adiresi yolakwika, bwana. Si langa."

Anapachika yunifolomu pa msomali wake, anatsanzika anthu a malamba onse mmodzimmodzi, osathamanga. A Chipewa anawagwira dzanja nthawi yaitali. Potuluka pageti Mayi Makala sanacheuke. Analira atafika kunyumba, atatseka chitseko, ndipo analira kwambiri.

Loweruka anachapa makatani amene anali oyera kale. Lamlungu anakangana ndi mwana wawo pa foni, mwana akuti abwere adzakhale kwa iye azilera zidzukulu, iwo akuti zidzukulu zili ndi amayi ake. Lolemba anadzuka nthawi ya masiku onse, anasamba, anavala, anaima pakati pa nyumba. Kenako ananyamula kampando kamatabwa ka kukhitchini n'kutuluka nako.

Mlonda wa pageti la kampani anawaona akuika kampandoko m'mphepete mwa msewu, pansi pa mtengo, pomwe mzere wa anthu otumiza katundu umayambira.

"Mayi, mukudziwa kuti simuloledwa kulowa."

"Ndalowa?"

"Ayi, koma pamenepo..."

"Pamenepa ndi pa msewu, mwanawe. Kampani yanu imathera pa waya apo. Pita ukafunse."

Mlonda anapitadi kukafunsa, ndipo anabwerera n'kukakhala m'kanyumba kake. Munthu woyamba pa mzere anali mtsikana wonyamula katoni ya mafuta ophikira pamutu. Mayi Makala anamukodola.

"Tula apa, mwanangu. Katoni imeneyi inayendapo kale?"

"Inachokera kwa achimwene, mayi."

"Ndiye ibwerera kwa achimwene ako ukapanda kusamala. Tembenuza."

Pofika masana anali atakhwacha masitika makumi atatu. Ena ankakana, kuganiza kuti ndi akuba kapena amisala, iwo n'kuwauza kuti, "Pitani, tidzaonana Lachitatu." Sabata yachiwiri anthu anayamba kutula okha makatoni pamapazi pawo asanalowe. Wina ankasiya nthochi, wina botolo la madzi ozizira, ambiri ankangoti zikomo, enanso ngakhale zikomo osanena. Ntchito ya malipiro sinabwerere, ndipo masiku a mvula ankakhala pansi pa ambulera, mawondo akuwawa, akumva kabelu kaja kakulira kuseri kwa khoma. Pa nthawi yopuma a Chipewa ankatuluka kudzakhala nawo pa muzu wa mtengo, n'kumawauza kuti lamba wachitatu tsopano ndi wobiriwira, pali mtsikana wa manja othamanga. Tsiku lina powerama kuti amange nsapato, m'thumba la malaya a a Chipewa munagwa cholembera chakuda. Anachitola msangamsanga, ndipo Mayi Makala anayang'ana kumbali ngati sanaone.

Bwana Mphindi ankadutsa pa galimoto m'mawa uliwonse, magalasi otseka. Patatha miyezi iwiri, Lachinayi lina, anaimika galimoto kunja kwa geti n'kutsika ndi katoni kukhwapa. Inali katoni ya mapepala a muofesi, yomatidwa bwino ndi tepi, pamwamba palembedwa kuti kwa amayi. Anayenda molunjika kukauntala, maso kutsogolo. Atafika pa mtengo paja mapazi anachedwa okha.

Mayi Makala anangotambasula dzanja.

Bwanayo anayang'ana wotchi, anayang'ana mlonda, anayang'ana anthu a pa mzere amene onse anali chete kumuonerera. Kenako anawapatsa katoniyo. Iwo anaiika pamiyendo, anaitembenuza, anapeza sitika yakale m'mbali, anavula chivindikiro ndi mano.

"Muli magalasi a maso a amayi anga," anatero bwanayo chapansipansi. "Akale anasweka. Sakutha kuwerenga."

Khwaa, khwaa, khwaa.

"Mayi, mudziwe kuti izi sizikubwezerani ntchito. Sindingathe."

"Ndakupemphani ntchito ine?" anatero Mayi Makala, osadzutsa mutu. "Gwirani uku, titembenuze. Kunsiku kuli ina."